Kamangidwe ka fani ndi fyuluta mu tenti ya mbewu kuti nyumba isanunkhe kapena kuchita nguwi

Amene muli kuno ku UK ndi maiko ena ozizirawa mukudziwa kuti tsabola wa kambuzi panja savuta kumera koma kupsa ndiye nkhani ina, nyengo yotentha njaifupi, akamati ayambe kufiira mu October chisanu chalowa kale basi wafota. Nde anthu pano akumagula timatenti tija timapezeka mma shopu a hydroponics (a zipangizo zolimira mbewu mmadzi popanda dothi) ndi pa intaneti, takuda kunja mkati monyezimira, kupachika nyali ya LED mmwamba nkumalima kambuzi, tomato, luni ndi bonongwe mnyumba chaka chonse. Vuto ndi loti ndalama yonse imathera pa nyali, za mpweya anthu amaziona ngati zongokometsera, pomwe tenti ukaitseka zipi ndi bokosi basi, chilichonse chikuchitika mmenemo chimakhala mommo mpaka wina achitulutse.

Nyali ya mawati 300 imatulutsa kutentha kwa mawati pafupifupi 300 omwewo, zilibe kanthu kuti ndi LED, magetsi onse mapeto ake amasanduka kutentha. Madzi amene mukuthirira, oposa 90 pa 100 aliwonse mbewu imawatulutsanso kudzera mmasamba ngati nthunzi, ndekuti mukathira malita atatu lero pafupifupi onsewo mawa ali mu mpweya wa mu tenti. Komanso mbewu imadya carbon dioxide, amene mu mpweya wamba alimo ochepa kwambiri, cha mma 420 ppm (magawo 420 pa miliyoni iliyonse), nde mu bokosi lotseka lodzadza masamba sachedwa kuchepa ndipo mbewu imangoima osakula olo nyali ikhale yodula bwanji. Fungo ndiye limabwera pamwamba pa zonsezi.

Mfundo yake ndi imodzi ndipo mukaigwira zina zonsezi muzitha kudziganizira nokha. Mpweya uzilowa mu tenti kuchokera pansi, paliponse pamene wapeza mpata, koma potuluka khomo likhale limodzi lokha, mmwamba, ndipo pakhomo pamenepo pakhale fyuluta yosefa fungo. Fani yanu ntchito yake ndi kukoka mpweya kutulutsa, osati kupopera mkati. Zikakhala bwino mukatseka zipi makoma a tenti amafwamphukira mkati pang'ono ngati masaya a munthu akuyamwa fulizesi, azungu amati negative pressure, ndipo zikatero kabowo kalikonse ka pa zipi kapena pa msoko kamakhala kolowetsa mpweya osati kotulutsa fungo. Tenti ikamatupa kunja dziwani kuti fungo likutulukira pena paliponse, fyuluta munangoigula yokongoletsa.

Zogula sizambiri. Inline fan, imene ndi fani yozungulira yokhala pakati pa paipi, fyuluta ya kaboni, paipi yofewa ya aluminiyamu ija amati ducting, ma clamp omangira, tepi ya aluminiyamu, zingwe zopachikira, kafani kakang'ono kopanira pa mzati wa tenti ndi ka hygrometer kosonyeza kutentha ndi chinyezi, kamene kamasunga nambala ya pamwamba ndi ya pansi kuti mmawa muziona zimene zachitika usiku. Fani, fyuluta ndi paipi zikhale za saizi imodzi, zimabwera za 100mm, 125mm, 150mm, 200mm, kapena mu mainchesi 4, 5, 6 ndi 8. Zosakaniza masaizi nkumalumikiza ndi ma reducer, tolumikizira paipi yaikulu ndi yaing'ono, zimatheka koma mphamvu imathera pamenepo ndipo phokoso limakwera.

Kuwerengera saizi ya fani

Apa ndi pamene anthu amagula mongoyerekeza, koma samu yake ndi ya sitandade 7. Chulukitsani mlitali, mlifupi ndi msinkhu wa tenti mu mamita. Tenti yotchuka ija ya masentimita 120 x 120 x 200 ndekuti 1.2 x 1.2 x 2, zikupereka 2.88 cubic metres. Alimi ambiri amatsata zoti mpweya wonse uzisinthika kamodzi pa mphindi, nde muchulukitsa ndi 60, zikubwera pafupifupi 173 pa ola. Pa bokosi la fani pamalembedwa m3/h, kutanthauza ma cubic metres pa ola, nambala yake ndi imeneyo. Mukaona palembedwa CFM, za ku America zimenezo, chulukitsani ndi 1.7 mupeza m3/h.

Koma 173 ameneyo si fani yoti mugule ayi. Nambala ya pa bokosi anayesa fani ili payokha yopanda chilichonse kutsogolo ndi kumbuyo. Mukaimangirira fyuluta mphamvu imatsika, ambiri amaonjezera kota pa samuyo chifukwa cha fyuluta yokha, nde tafika pa 216. Kenako paipi, mita iliyonse ikudyako, ndipo pokhota paliponse pamadya kwambiri kuposa paipi yowongoka yaitali, makamaka ducting yofewayi poti mkati mwake ndi mwa makwinya. Nde pa tenti ya 120 ine ndinganene kuti pezani fani yosachepera 300 m3/h, 125mm yamphamvu kapena 150mm, ndipo ndimakonda 150mm chifukwa fani yaikulu yoyenda theka imakhala chete kuposa yaing'ono imene ikulira mpaka mapeto. Ka tenti ka 60 x 60 x 160 ndi 0.58 chabe, 35 pa ola, 100mm iliyonse ikwana ndi kutsala. Ya 100 x 100 x 200 ndi 2 ndendende, 120 pa ola musanaonjezere za fyuluta.

Pali samu ina imene sikambidwa kawirikawiri koma ndi imene imakuuzani zoona pa nkhani ya kutentha. Tengani mawati a nyali, chulukitsani ndi 3, gawani ndi madigiri amene mukulola kuti mu tenti mutenthe kuposa mchipinda. Nyali ya 300, chipinda chili pa 22, mukufuna mu tenti musadutse 27, kusiyana kwake ndi 5, nde 900 kugawa ndi 5 ikubwera 180 m3/h, zikugwirizana ndi samu yoyamba ija. Tsopano chipinda chikhale pa 26 inu mukufuna 28, kusiyana 2 basi, mukufunika 450. Mwaona mmene yadumphira? Ndipo chipinda chikakhala pa 32 palibe fani padziko pano imene ingatsitse tenti kufika 28, fani siziziritsa mpweya, imangosuntha umene ulipo. A ku Johannesburg mu December kapena aliyense ali malo otentha aganizire zimenezi, njira yake ndi kuyatsa nyali usiku nkuzimitsa masana. A kumudzi ku Lilongwe kapena Zomba kunena zoona tenti simukuifuna nkomwe, dzuwa ndi laulere, pokhapokha ngati mukufesa mbande za padera kapena mulibe malo olo pakhonde.

Kambuzi amasangalala pakati pa madigiri 21 ndi 29 masana, usiku cha mma 18 kupita mmwamba. Kukadutsa 32 maluwa amayamba kuyoyoka osabereka, tomato chimodzimodzi, munthu nkumathira fetereza kuganiza kuti ndi njala pomwe ndi kutentha. Chinyezi chikhale pakati pa maperesenti 50 ndi 70 pa hygrometer ija, mbande zing'onozing'ono zimafuna chokwererapo.

Fyuluta ija mkati mwake muli chani

Ndi chitsulo chozungulira cha timabowo, pakati pa khoma la kunja ndi la mkati anadzadzamo activated carbon, wina amapangidwa ku malasha wina ku zikamba za kokonati. Si makala a pa mbaula ayi, musavutike kusinja makala nkuika mu ndowa. Kaboni ameneyu anamuotcha ndi nthunzi pa moto wa madigiri 800 kupita mmwamba mpaka kambewu kalikonse kanachita timauna tosaoneka ndi maso tambirimbiri, moti galamu imodzi yokha ukaiyala malo ake onse amkati amafika cha mma 1000 square metres. Fungo likamadutsa limakakamira mtimaunamo. Timauna tikadzadza basi fyuluta yatha ntchito, sichapika, kuyanika padzuwa sikuibwezeretsa.

Zinthu ziwiri zikuchokera pamenepa. Choyamba mpweya umafunika nthawi yokhudzana ndi kaboni, ukathamanga kwambiri fungo limangodutsa, nde nambala ya m3/h ya pa fyuluta ikhale yofanana kapena yoposa ya fani, isachepere. Fani ya 400 pa fyuluta ya 250 ndi kutaya ndalama kawiri. Chachiwiri ndi chinyezi, chikadutsa 70 kumapita ku 80 madzi ndi amene amayamba kukhala mtimauna muja nde fungo limasowa pokakamira. Anthu ambiri amataya fyuluta yabwinobwino kumati yatha, pomwe tenti yangonyowa, ukatsitsa chinyezi imayambanso kugwira.

China choti mudziwe, kaboni wamba amagwira bwino fungo la masamba a tomato, la luni, la maluwa ndi la dothi lonyowa, koma ammonia, fungo lobaya mphuno la manyowa lija, samugwira kwenikweni. Nde ngati mukuthira manyowa a nkhuku a timibulu aja kapena fetereza wa madzi wopangidwa ku nsomba, musadabwe kuti kafungo kakumvekabe masiku oyamba. Mankhwala ake ndi kukwirira manyowawo mdothi osangowaza pamwamba, kapena kusintha fetereza, osati kugula fyuluta yachiwiri.

Mwina wina afunsa kuti tsabola ndi tomato fungo lake ndi lotani loti mpaka fyuluta. Mu flat yaing'ono mawindo otseka miyezi isanu limamveka ndithu, limalowa mmakatani ndi mzovala. Komanso tinene zoona, neba akaona kuwala kwa pinki pa windo, akumva fani ikulira usiku onse, kenako kafungo ka masamba pa kolido, maganizo ake amapita ku chamba basi. Ku Britain kudzala chamba ndi mlandu pansi pa Misuse of Drugs Act ya 1971 olo mtengo umodzi, kumudzi lamulo la 2020 limalola okhawo ali ndi laisensi ya Cannabis Regulatory Authority, nde fyuluta sisintha lamulo, ine ndikukamba za ndiwo. Ngati mukukhala ya lendi muuzeni landilodi, muonetseni tsabolayo, mwinanso mumpatseko alawe adziwe kuti kambuzi si masewera.

Kumanga

Yambani tenti ilibe mbewu, kumanga zimenezi miphika ili mkati mumathyola nthambi. Fyuluta ichotseni mu pulasitiki, koma kansalu koyera kokutira kunja kaja musachotse, ndi kosefa fumbi kuti lisatseke kaboni. Ipachikeni mmwamba mwenimweni cha kumbuyo, yogona, pa mipiringidzo ya denga ndi zingwe ziwiri, chifukwa mpweya otentha umakwera nde tikufuna tiutengere komweko. Imalemera makilo angapo, zina zachitsulo zazikulu zimafuna anthu awiri, nde onani kuti mipiringidzo ya tenti yanu analemba kuti imanyamula makilo angati, muphatikize nyali ndi fani. Isagunde nsalu ya denga kapena khoma, izikoka mpweya mbali zonse.

Kenako fani. Pa thupi lake pali kamuvi kosonyeza kumene mpweya ukupita, kamuvi kameneko kaloze kutali ndi fyuluta, kuloza kunja. Ndondomeko yake ndi fyuluta, fani, paipi, kunja. Ngati milomo ya fani ndi fyuluta ikukwanirana lumikizani mwachindunji ndi clamp ya labala mkati, ngati ayi ikani kapaipi kafupi momwe mungathere. Polumikiza paliponse mangani clamp kenako zunguzani tepi ya aluminiyamu, tepi yotuwa ya nsalu ija imamatuka ikamva kutentha. Pakati pa fyuluta ndi fani ndi pamene pamafunika kusamala kwambiri, pakakhala kampata fani imakoka mpweya wa mu tenti pamenepo osadutsa mu kaboni nkuuponya kunja ndi fungo lake lonse, poti mpweya umasankha njira yophweka nthawi zonse.

Paipi itulukire pa bowo la mmwamba kapena la mmbali cha kumtunda, kokani kachingwe ka pa bowolo kathine bwino. Ikokeni paipiyo iwongoke, musasiye yolendewera kapena yotsala itapindidwapindidwa pamwamba pa tenti, dulani yotsalayo. Pofunika kukhota khotetsani mozungulira pang'onopang'ono osati kuthyola. Mabowo ena onse a mmwamba amene simukugwiritsa ntchito mangani.

Ka tenti kakakhala kakafupi moti fyuluta ikulanda malo a nyali, mutha kuika zonse kunja, fani izikoka mu tenti nkumakankhira mu fyuluta imene ili pamwamba kapena pambali. Zimagwira, kungoti tsopano paipi ya pakati pa fani ndi fyuluta ili ndi mpweya onunkha okankhidwa, kabowo kalikonse kakutulutsira mchipinda, nde tepi musaumire. Kansalu koyera kaja kakalowe mkati mwa fyuluta kapena muike sefa pa khomo la paipi mu tenti, poti fumbi likubwera chakumkati tsopano.

Tsiku loyamba fyuluta yatsopano imalavula kafumbi kakuda, yatsani kaye kwa kanthawi paipi italoza panja kapena mutamangirira kansalu kumapeto, musaloze pa khoma loyera la eni nyumba.

Polowera mpweya

Pansi pa tenti pamakhala timawindo ta neti totseka ndi velcro. Tsegulani ta mbali yotalikirana ndi fyuluta kuti mpweya uzidutsa mmbewu chopingasa usanakwere. Malo olowera akhale aakulu kawiri kapena katatu kuposa bowo lotulukira. Paipi ya 150mm khomo lake ndi pafupifupi 177 square centimetres, nde polowera pafunika 350 kupita mmwamba, ndipo neti ija imatchinga gawo lina nde musaope kutsegula tiwiri. Makoma akamakokeka kwambiri mpaka kufinya mbewu, zipi kuvuta kutseka, mizati kupindika, ndekuti polowera pachepa, fani ikubanika, tsegulani kena. Tikufuna kufwamphuka pang'ono chabe.

Fani yachiwiri yopopera mkati pa matenti ang'onoang'ono siyofunika. Pa aakulu ngati 240 x 120 kapena pamene mukutenga mpweya kuchokera chipinda china ndi paipi ndiye ingafunike, koma ikhale yofooka kuposa yotulutsa nthawi zonse, ikangoposa tenti yatupa fungo labalalika. Pa bowo lililonse lolowera lopanda neti vekanipo sokosi yopyapyala ya azimayi ija, imatchinga ntchentche zoyera ndi tintchentche takuda ta mdothi, ndipo muzichotsa fumbi pafupipafupi makamaka ngati pansi pali kapeti kapena muli ndi mphaka.

Kafani ka mkati ndi nkhani ina, sikalowa mmalo mwa yotulutsa ija ndipo yotulutsa siilowa mmalo mwake. Ntchito yake ndi kutakasa mpweya kuti pasakhale ngodya yofunda ndi yonyowa pamene nguwi yoyera ya pamasamba imayambira. Masamba azingogwedezeka pang'ono, osati kuwombedwa mpaka kupindika, mukalozetsa pa mbewu imodzi tsiku lonse nsonga za masamba zimauma nkumapiringizika. Lozetsani pa khoma kapena pakati pa nyali ndi nsonga za mbewu, mbewu zikakula nkutseka onjezerani kena pansi pa masamba. Kamphepo kameneka kamalimbitsa tsinde komanso kamathandiza mungu kugwa, poti mu tenti mulibe njuchi, ngakhale tomato ndi tsabola ndi bwino kumagwedezabe ndi dzanja maluwa akatseguka.

Nanga mpweyawo ukutayidwa kuti

Funso limeneli ndi lalikulu kuposa mtundu wa fani umene mwagula. Mukangotulutsira mchipinda chomwecho chitseko chotseka, tenti imakokanso mpweya omwewo, fungo lachoka inde koma kutentha ndi chinyezi fyuluta sichotsa, nde zimangozungulira kumakwera. Malita atatu aja tsiku lililonse akupita pa windo ndi pa khoma lozizira la kuseri kwa wadirobu, pakutha pa mwezi nguwi yakuda yayamba, dipoziti yanu yapita komanso chifuwa cha ana chili pa ngozi. Ka tenti kakang'ono mchipinda chachikulu chotsegula chitseko zimatheka, koma ya 120 yodzadza tomato ayi.

Chabwino ndi kutulutsira panja. Dulani thabwa kapena pulasitiki yolimba yokwana pa windo lotsegula pang'ono, boolani bowo la saizi ya paipi, matani mmbali ndi thovu lomatira lija, kunja ikani neti kuti mbalame ndi tizilombo zisalowe. Kavalavu kolola mpweya kupita mbali imodzi kamathandiza kuti mphepo ya panja isabwerere fani ikazima. Paipi itsetserekere kunja pang'ono kuti madzi amene amachita mkati nyengo yozizira azidonthera panja osati kubwerera mu fani. Kuboola khoma nyumba ya eni osapempha musayerekeze.

Malo atatu oti musatayireko. Mu siling'i kapena loft ayi, nthunzi ikakumana ndi denga lozizira imasanduka madzi nkuoletsa matabwa mwakachetechete. Mu chumuni chimene chikugwira ntchito ayi. Mu paipi ya boila ya gasi ndiye ayi kwenikweni, imeneyo ndi imfa. Ndipo dziwani kuti fani yamphamvu yotulutsira panja imakoka mpweya wa nyumba yonse, nde ngati mchipinda chomwecho kapena choyandikana muli chotenthetsera cha gasi kapena cha nkhuni chimene utsi wake umakwera okha mu chumuni, fani itha kukoka utsiwo kubwerera mnyumba. Carbon monoxide, mpweya wakupha wa mu utsiwo, alibe fungo, kaboni wa mu fyuluta samugwira, nde ikani alamu yake ndipo funsani wodziwa za gasi musanayatse.

Nyengo yozizira pamakhala kukokana. Mpweya uliwonse mukutaya panja ndi umene mwalipira kuutenthetsa, ndipo wina ozizira ukulowa mmalo mwake pansi pa zitseko. Apa ndi pamene chochepetsera liwiro chimabweza ndalama yake, tsitsani fani mpaka pamene makoma akadali okokeka ndipo chinyezi sichikudutsa 70, basi. Musatenge mpweya olowa mwachindunji kuchokera panja mu January, kambuzi akamva madigiri 10 amaima kukula, utengeni mnyumba.

Usiku musazimitse fani. Ambiri amalumikiza fani ndi nyali pa thayima imodzi poganiza kuti nyali ikazima kutentha kwatha nde fani ipume, koma mpweya ukazizira sutha kusunga madzi ambiri, chinyezi chimakwera mpaka 90 mkati mwa ola limodzi kapena awiri, makoma a tenti kuchita thukuta, ndipo nthawi imeneyo ndi imene nguwi imagwira. Komanso fani ikaima fungo limatuluka lokha pa timawindo ta pansi tija. Thayima ndi ya nyali yokha, fani iziyenda maola 24, usiku mochepetsa. Za bilu musaope kwambiri, fani ya mawati 30 ikudya 0.72 ya yuniti pa tsiku, mayunitsi pafupifupi 22 pa mwezi, nyali ndi imene imadya. Magetsi akazima ngati kumene muli amazimazima, tsegulani zipi mpaka abwere.

Phokoso

Fani zilipo za mitundu iwiri malinga ndi mota yake, AC ndi EC. Za AC ndi zotchipa koma mukaziika pa chochepetsera liwiro chotchipa zimayamba kung'ung'uza, kaphokoso kolowa mmutu usiku kuposa mphepo yeniyeniyo. Za EC zimabwera ndi kontorola yake, zimatsika liwiro mwa chete ndipo zimadya magetsi ochepa, zina ngati za kampani ya AC Infinity zili ndi kachingwe koyeza kutentha ndi chinyezi nkumadzisintha zokha. Ngati tenti ili kuchipinda chogona kapena khoma limodzi ndi neba, EC ndi yoyenera ndalama yake. Kachingwe koyezerako kalendewere pa msinkhu wa nsonga za mbewu, pa mthunzi, osati kugunda nyali.

Phokoso lambiri silichokera mu mota koma ku kunjenjemera ndi ku mphepo potuluka. Pachikani fani pa zingwe za labala isakhudze chitsulo kapena thabwa, ndipo musaigoneke pa siling'i bodi kapena pamwamba pa kabati, zimenezo zimakuza kulira. Paipi yokutidwa ndi thonje mkati, amati acoustic ducting, imachepetsa kwambiri, ndipo silencer, chipaipi chomeza phokoso, ikaikidwa kutsogolo kwa fani mbali yotulukira imathandizanso. Kukulunga fani ndi bulangeti ayi, mota imafuna kupuma.

Pa za magetsi, ekisitenshoni isakhale pansi pa tenti pamene madzi amatayikira, ipachikeni mmwamba kapena kunja, waya aliyense azitsika kaye pang'ono asanakwere kulowa mu soketi kuti dontho likamatsata waya ligwere pansi. Pulagi ya RCD, imene imadula magetsi yokha akayamba kuthawira kwina monga mmadzi kapena mwa munthu, ndi yotchipa, ikanipo. Hita musailumikize pa ekisitenshoni imodzi ndi zina zonse.

Kuyesa ndi kusamala

Mukamaliza tsekani zipi, yatsani, onani makoma. Tengani ka tishu muyendetse mmbali mwa zipi ndi pa timawindo, kazikokeredwa ku tenti paliponse. Utsi wa lubani umaonetsa bwino kwambiri, muugwire kunja pafupi ndi misoko muone ngati ukulowa, kenako muyendetse pa malumikizidwe a paipi ya kunja, pamene utsi ukubalalika ndi pamene pakutuluka mpweya. Kuyesa fyuluta yokha, faizani pafyumu pa kansalu muike mu tenti, tsekani, dikirani pang'ono nkukanunkhiza kumapeto kwa paipi. Bwino atero munthu wina amene sanagwire pafyumuyo, mphuno imazolowera msanga, ndi chifukwa chake mwini nyumba amakhala omaliza kudziwa kuti kwake kukununkha.

Fungo likayamba kumveka patapita miyezi musathamangire kugula fyuluta. Onani kaye chinyezi, kenako makoma ngati akukokekabe, kenako tepi ndi ma clamp poti kunjenjemera kumamasula, kenako kansalu koyera. Kansaluko kakada kachotseni, chapani ndi madzi ofunda, kaume kwathunthu musanabwezeretse, miyezi iwiri itatu iliyonse. Ngati zonsezi zili bwino koma fungo likutulukabe pa paipi ndekuti kaboni wadzadza. Fyuluta yabwino imatha chaka mpaka ziwiri ikuyenda osaima, zotchipa zimatha msanga poti kaboni wake ndi ochepa komanso sanamutsendere bwino, mukaigwedeza nkumva kuti waa waa mkati ndekuti pali mipata imene mpweya uzidutsa osasefedwa. Zina zimalola kumasula mlomo nkuumanga mbali inayo, chitani zimenezo pakatha miyezi ingapo chifukwa kaboni wa pafupi ndi fani ndi amene amatopa koyamba. Chinyezi mukamaonjezera ndi humidifier, kamakina konyowetsa mpweya, gwiritsani madzi opanda laimu aja amati distilled, madzi a pampopi a madera ngati London ali ndi laimu wambiri amene amauluka ngati fumbi loyera nkutseka kansalu ndi kaboni yemwe.

Timabotolo ta jelo tonunkhira ngati ONA timangophimba fungo, tiikeni kunja kwa tenti pa kolido ngati mukufuna, mkati timadzadzitsa kaboni pachabe ndipo masamba oti mudya angatenge kafungoko. Makina a ozone ndiye asiyeni, ozone amapweteka mapapo ndipo si oika mnyumba mogona anthu. Nthawi yokolola kambuzi ngati mukuyanika mu tenti momwemo siyani fani ikuyenda pang'onopang'ono ndipo chinyezi chikhale pansi pa 60 kuti asaole, koma kuyanika mu uvuni kapena kusinja chitirani ku khitchini windo lili lotsegula, fumbi la tsabola ouma fyuluta ya mu tenti siingakutetezeni nalo, mutsokomola nyumba yonse.